AMAYI A KWA KAPHUKA NDI MAULENDO A PA TCHUTHI

Pamene komiti idagawa mitu yoti ilembedwe, ife tidapatsidwa mutu umene poyamba tidauyesa wopepuka: kulongosola m'mene amayi a kuno kwa Kaphuka akhala akuyendera ndi ana awo pa nthawi ya tchuthi, kuyambira masiku a agogo athu kufikira lero lino. Ena pa msonkhanowo adaseka, nati, "Kodi mayi wa kumudzi ali ndi tchuthi?" Funso limeneli tidapita nalo kunyumba ndipo silidatichoke mumtima. Tidakhala pansi ndi amayi achikulire a m'Chigwirizano, ena a iwo maso adayamba kale kuchita chidima, ndipo zimene adatiuza, pamodzi ndi zimene tidaona tokha, ndizo talemba pano.

Mawu akuti tchuthi adabwera ndi sukulu. Amishoni adafika ku Mvera m'chaka cha 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndi ku Mphunzi kuno ku Dedza mu 1903, ndipo kuchokera m'malo amenewa sukulu zing'onozing'ono zidafalikira m'midzi. Sukulu isanabwere, chaka chinkagawika ndi khasu. Nthawi yopumako pang'ono inali imodzi yokha, chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pamene chisanu cha kuno kumapiri chimang'amba milomo ya ana. Ngakhale pamenepo mayi sankakhala manja lende. Kunali kumweta udzu wofolerera nyumba, kuzira, kufutsa ndiwo, kuthirira kudimba, ndi kusinja ufa wa pa maukwati ndi ziliza, pakuti zonsezi zinkadikira nthawi yomweyo.

Ana ndiwo ankasangalala. Mbewu zikachoka m'munda ankapita kukakunkha zotsalira, namanga tinyumba ta mapesi kunja kwa mudzi, nayamba masanje. Mtsikana wina ankakhala mayi, mnyamata wina bambo, wina mfumu, ndipo sankasowa wofuna kukhala fisi wodzaba ndiwo. Ankaphika nsima yeniyeni m'timiphika tophwanyika milomo timene amayi adataya. Kunali katungwe wa luzi pa nthambi ya mtengo, nguli, phada, fulaye, ndipo pambuyo pake magalimoto a mawaya. Zonsezi zinalibe khomo lolipirapo. Mayi ankangotaya kaufa pang'ono ndi kamchere, ndipo madzulo mwana ankabwera ndi mbale, nati, "Amayi, talawani zimene taphika." Amayi achikulire aja akuti mwana wamkazi ankadziwika ku masanje ngati adzasunge banja.

Ulendo weniweni wa mayi ndi ana unali wopita kwa abale, ndipo unali wa pansi. Kuno ambiri timakwatiwa chikamwini, mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, kotero ana amakulira kuchikazi. Tsono kamodzi pa chaka kunkayenera kuti ana akaonekere kwa agogo awo a kuchimuna. Amene adatengedwa chitengwa nawonso ankalakalaka nthawi imeneyi kuti akaone amayi awo ndi alongo awo. Kukonzekera kunkayamba masiku atatu ulendo usanafike. Mayi ankasinja ufa woyera wokapereka kwa apongozi, nkumanga nkhuku miyendo, nkukonza kamba: mbatata yootcha, chimanga chokazinga, chigumu, mtedza, ndi thobwa m'chipanda. Ankanyamuka tambala woyamba atalira. Pamutu nkhata ndi dengu, kumbuyo khanda, kudzanja mwana woyamba kumene kuyenda. Bambo, ngati analipo, ankatsogola ndi nkhwangwa paphewa, akuti kuteteza banja ku zilombo. Mayi wina wachikulire adatiseketsa ponena kuti pa maulendo onse amene adayenda ndi amuna awo chilombo sadakumane nacho, koma dengu adalisenza okha kupita ndi kubwera.

Dzuwa likawalowera panjira ankapempha malo m'mudzi uliwonse, ndipo sankakanizidwa. Akafika kwa apongozi, ana ankalandiridwa ngati mafumu, nkhuku nkuphedwa. Mayi ankapuma tsiku limodzi lokha monga mlendo. M'mawa mwake ankatenga mtsuko kupita kumadzi, chifukwa mtengwa wokhala pamphasa masiku awiri ankatchuka mudzi wonse.

Ena ankatsika phiri kupita kuchigwa, cha ku Golomoti ndi ku Mtakataka, atasenza nyemba ndi ufa kukasinthanitsa ndi usipa ndi utaka wouma. Amenewa ndiwo amayi oyamba a kwathu kuno kuona nyanja. Sadaione monga malo osewerera ayi. Ankaopa ng'ona, ankaopa malungo a kuchigwa, ndipo kutentha kwake kunkawalefula anthu ozolowera mphepo ya kumapiri. Ku Golomoti komweko ndiko ambiri adaonera sitima ya pamtunda, pakuti njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima mu 1935. Masiku ano sitima yonyamula anthu idasiya kufika ku Salima, ndipo adzukulu athu ambiri sadakwerepo sitima, pamene agogo awo ena adaikwera.

Tisanapitirire tiyenera kunena za abambo, chifukwa kwa zaka zambiri ulendo wautali unali wa iwo okha. Amuna a kuno ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita ku mapulazi a ku Rhodesia, enanso ankangodziyendera mpaka ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama m'mudzi munalibe. Mayi ankatsala ndi munda, ana, nkhalamba ndi maliro. Chikondwerero chachikulu cha banja lotere sichinali Khirisimasi koma tsiku limene bambo ankatsika ndi sutikesi, bulangete, njinga, mwina ndi makina osokera. Ana ankavala nsapato koyamba. Koma analipo amene sadabwerenso, amene tinkawatcha matchona, ndipo m'Chigwirizano chathu, chimene mu Sinodi ya Nkhoma chidayamba mu 1940, mudadzala amayi amene sankadziwa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu a ku migodi chaka chomwecho. Ntchitoyi idayambanso pang'ono mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, nkudzatheratu mu 1988. Nkhani imeneyi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Zinthu zidayamba kusintha kwa amayi pamene msewu waukulu wodutsa pa Linthipe udathiridwa phula, ndipo likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Abale athu ambiri adapeza ntchito mu mzinda watsopanowo, ena yomanga, ena ya ulonda, ena ya umesenjala, nakhala ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chilinde. Apa ndi pamene padabadwira mwambo wotumiza ana "kutauni" pa tchuthi. Mabasi anali a kampani imodzi, United Transport Malawi, imene tonse tinkangoti UTM. Idagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, kenaka idatchedwa Shire Bus Lines, ndipo nayonso idatha. Basi ya UTM inkaima pa siteji iliyonse, katundu pamwamba, nkhuku pansi pa mpando. Mayi ankamanga ndalama ya tikiti pa nsonga ya chitenje, nkumaigwiragwira njira yonse. Amene mudakwera mukukumbukira kukangana ndi kondakitala za msinkhu wa mwana, ngati ayenera kulipira theka kapena kukhala pamiyendo. Tivomereze pano kuti ana ambiri a zaka zisanu ndi ziwiri adasanduka a zaka zinayi pa khomo la basi, ndipo si mbiri yotinyaditsa.

Mwana wa kwa Kaphuka akafika ku Lilongwe, chilichonse chinali chodabwitsa: madzi otuluka pa mpopi, nyale yoyaka popanda palafini, buledi wopaka majarini, sitolo za PTC ndi Kandodo zimene munthu ankadzitengera yekha katundu pa alumali. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983, mabanja ndi ana a sukulu ankapita Loweruka kukangoima pamwamba kuonerera ndege zikutera ndi kunyamuka. Wokwera panalibe, koma mwana ankabwera ndi nkhani yokamba chaka chonse. Kunalinso malo osungirako nyama pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi, kumene ana a kuno, amene fisi ankangomumva kulira usiku, adakamuona maso ndi maso. Mayi pobwerera ankasenza shuga, sopo ndi zovala zakale za ana a mlamu wake, m'malo mwa ufa ndi mbatata ya kachewere zimene adapita nazo. Mwa njira imeneyi tauni ndi mudzi zinkadyetsana.

Pali ulendo wina wa masiku amenewo umene amayi achikulire adaukamba motsitsa mawu, ngakhale papita zaka zambiri. Uwu ndi ulendo wa mbumba. Pa 6 Julayi, pa 14 Meyi, ndi pa Tsiku la Amayi, limene nthawi imeneyo linkakhala pa 17 Okutobala, amayi ankatengedwa pa malole kupita kukavina pamaso pa Kamuzu, ena mpaka ku bwalo la masewero ku Blantyre. Kwa ambiri uwu unali ulendo woyamba wopita kutali popanda mwamuna ndiponso popanda mwana kumbuyo. Adaona mtsinje wa Shire, adaona nyumba zosanjikizana, adagona m'makalasi a sukulu pamodzi ndi amayi a ku Karonga ndi a ku Nsanje. Ena amaukumbuka ndi chimwemwe ndithu. Koma ena adatiuza kuti kukana kunali kovuta, kuti ankasiya mwana wodwala m'manja mwa mkulu wake wa zaka khumi, ndi kuti mabanja ena adagwedezeka chifukwa cha maulendowa. Sitingautche tchuthi ulendo umene munthu sangathe kuukana. Tangodabwa kuti tsiku lotchedwa la amayi linali tsiku limene amayi ankatopa koposa.

M'zaka zomwezo njira ina idatsekeka. Mabanja ambiri a m'boma la Dedza ali ndi abale kutsidya kwa malire, ku Angonia m'dziko la Mozambique, ndipo kale ankayenderana ngati mudzi umodzi. Nkhondo itakula cha m'ma 1986, abalewo ndiwo adathawira kuno, ndipo alendo amene tinkawalandira masiku atatu adakhala nafe zaka. Mtendere udasainidwa mu 1992, ndipo pang'onopang'ono adabwerera kwawo.

Kuyambira 1994 zinthu zidathamanga. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse idakhala ndi ana odikira tchuthi. Kwa zaka zina chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, tchuthi chachitali nkugwera m'dzinja, nthawi ya njala ndi ya kupalira, ndipo ana ankachithera m'munda. Boma litabwezera kuyamba kwa sukulu ku Sepitembala, tchuthi chachitali chidabwereranso mu Ogasiti, nkhokwe zili zodzaza, monga zinalili kale. Maminibasi adachuluka pa msewu. Tsiku la Amayi lidasunthidwa, ndipo lero limakhala pa 15 Okutobala. Kuvina kwa pa bwalo kutatha, anthu adalipezera tsikuli ntchito ina: ana kugulira amayi awo chitenje, ndi mabanja kupita kunyanja.

Mwambo wopita kunyanja udayambira kwa anthu a m'tauni, koma sudachedwe kufika kuno. Chidauthandiza ndi banki m'khonde. Amayi atayamba kusunga ndalama m'magulu, ena adaganiza zopatula kangachepe mwezi ndi mwezi kuti pofika Okutobala abwereke galimoto. Chinanso ndi msewu wa phula wotsika phiri kuchokera pa Masasa kufika ku Golomoti, umene udamangidwa m'zaka za m'ma 2000. Njira imene agogo athu ankatsika masiku awiri ndi dengu pamutu, lero galimoto imaitsika nthawi yochepa, ngakhale kukhotakhota kwake kumasanzitsa ana. Kuchokera pa Golomoti ena amalowera ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, koma ambiri a kuno amakhotera kumpoto, kudutsa pa Mua, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima, nkukathera ku Senga Bay.

Ife tidapitako chaka china, amayi khumi ndi anayi ndi ana amene sitidawawerenge bwino mpaka pobwerera. Tilongosole m'mene tsikulo lidayendera, chifukwa yankho la funso lija lili m'menemo. Tidadzuka usiku pakati kuphika mpunga, kukazinga nkhuku ndi mandasi, kuwiritsa mazira, kuthira thobwa m'zigubu. Tidasambitsa ana mumdima. M'galimoto aliyense adanyamula mwana pamiyendo ndi poto kumapazi. Titafika, ana adathamangira m'madzi ngati abakha, ndipo ife tidaima m'mphepete, zitenje zili m'chiuno, kuwerenga mitu. Wina akufuna madzi akumwa, wina wataya nsapato, wina mchenga wamulowa m'maso, wina akulirira chibaluni cha wogulitsa. Dzuwa la Okutobala kunyanja si la kuno. Pofika masana tidazindikira kuti ntchito zonse za kunyumba tidabwera nazo, tidangosintha malo ozigwirira.

Koma padachitika chinthu chimodzi chimene sitidzaiwala. Tinali ndi mayi wina wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene ali mtsikana adatsikako kuchigwa kukagula usipa, koma madzi a m'nyanja sadawakhudzepo. Titamaliza kudya adaimirira okha, navula nsapato, nakweza chitenje mpaka m'mawondo, nalowa. Mafunde atawamenya m'miyendo adakuwa, kenaka adayamba kuseka, kuseka kwenikweni kotuluka misozi. Adatiitana kuti, "Anzanga, siyani mapotowo, palibe adzawabe!" Tidapatsa ana akuluakulu udindo woyang'anira ang'ono, ndipo tonse tidalowa ndi zovala zathu. Mwina idakwana theka la ola. Mayiwo adatisiya chaka chotsatira, ndipo pa maliro awo ana awo adatiuza kuti nkhani ya tsiku limenelo ankaikamba mpaka m'masiku awo omaliza.

Tikudziwa kuti si onse amene amakondwera ndi maulendowa, ndipo mawu awo ali ndi nzeru. Okutobala ndi mwezi wogalauza ndi kuunga mizere, mwezi wofuna ndalama ya feteleza ndi mbewu, ndiponso fizi ya ana a ku sekondale imakhala itangolipidwa kumene. Abambo ena amati ndalama ya galimoto ndi ya pa chipata ikadagula feteleza. Amene tidaona njala ya 2002 sitingawatsutse mopepuka. Ndipo tidaonadi mabanja amene adakongola ku banki m'khonde chifukwa cha tsiku limodzi, nkudzagulitsa mbuzi mu Januwale. Zoterezi sitikuzivomereza. Koma tikuonanso kuti funso la feteleza limafunsidwa kawirikawiri ndalama ikamapita kwa mayi, ndipo silimveka kwenikweni ikamathera pa malo omwera tsiku la msika. Ngati mayi wasunga yekha, pang'onopang'ono, kuchokera pa tomato ndi kabichi wa kudimba kwake, ndipo za kumunda zakonzedwa, ife sitikuona cholakwa.

Choopsa chenicheni chili pa madzi ndi pa msewu. Pa Tsiku la Amayi ku Senga Bay kumadzaza anthu osaneneka, ambiri achinyamata, ndipo mowa umakhala wambiri. Apolisi amachenjeza chaka ndi chaka, komabe timamva za ana ndi anyamata omira, ndi za magalimoto odzaza mopitirira muyeso. Ana a kuno kumapiri sadziwa kusambira, madzi amene adawazolowera ndi a m'mawondo a m'khwawa. Chifukwa cha ichi magulu ena a amayi adasiya kupita pa tsiku lenilenilo, amasankha Loweruka lina labata. Ndiponso mwana akayamba kukodza magazi patapita masabata kuchokera kunyanja, ameneyo ndi likodzo, mupite naye kuchipatala msanga.

Tsopano adzukulu athu ayamba kupempha zina. Amaona pa foni ndi pa kanema malo akuluakulu a masewero a m'maiko a kutali, kumene kuli tisitima tothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika, makatungwe a magetsi otalika kuposa mtengo wa bulugamu, ndi anthu ovala ngati zidole. Malo otchuka a mtundu umenewu ndi Disneyland, amene adatsegulidwa ku California m'dziko la America mu 1955. Kuno ku Malawi malo aakulu chotero kulibe. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli malo ang'onoang'ono olipira pakhomo, okhala ndi makatungwe, madamu osambiramo, ndi zinyumba zopopa mpweya zimene ana amadumphamo. Ana a abale athu a m'tauni amapitako pa Khirisimasi, ndipo akabwera kuno kumudzi amawasimbira anzawo mpaka anzawowo kuyamba kuona ngati masanje ndi chinthu chochititsa manyazi. Ichi chimatiwawa pang'ono.

Mwa ife tonse m'Chigwirizano cha kuno, mmodzi yekha ndiye adalowapo m'malo aakulu otere, ndipo nkhani yake ikutibwezera ku migodi ija. Mwana wake wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg, monga achitira ana athu ambiri masiku ano, akazi ndi amuna omwe. Adamutumizira ndalama ya pasipoti ndi ya basi kuti akaone adzukulu. Mabasi a ku Joni amatulukira pa chipata cha Dedza pompano, nkudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, mpaka pa Beitbridge. Ndi ulendo wogona m'basi, miyendo nkutupa. Mayiyu akuti njira yonse ankaganiza za bambo ake omubereka, amene adapita ku Joni ndi Wenela iye ali wamng'ono, nabwerako ndi chifuwa chimene sichidapole.

Tsiku lina ana adamutengera ku malo otchedwa Gold Reef City. Malowa adamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines umene udatsekedwa, ndipo zonse za m'menemo adazikonza kuti zifanane ndi Johannesburg wa masiku oyamba, golide atangopezeka mu 1886. Adzukulu adakwera zokwerakwera zawo, akukuwa ndi chimwemwe, ndipo agogo adaima pansi atanyamula zikwama, majuzi ndi mabotolo a onse. Apa tidamuseka kuti ngakhale ku Joni dengu lidamupeza. Kenaka adamuuza kuti alendo amaloledwa kutsikira mu mgodi weniweniwo. Adamuveka chipewa cholimba, namupatsa nyale, nalowa m'chikepe pamodzi ndi azungu ndi ana a sukulu. Pansipo adaona njira zopapatiza, miyala yonyowa, ndi chitsulo chobowolera mwala chimene wowatsogolera adawaonetsa. Anzake ankajambula zithunzi. Iye akuti adagwira khoma ndi dzanja, nayamba kulira osadziletsa, mpaka mdzukulu wake adamufunsa kuti, "Agogo, mukuopa mdima?" Sadziwa ngati bambo ake adagwira mu mgodi umenewo kapena wina, pakuti migodi inali yambiri. Koma akuti tsiku limenelo ndi pamene adadziwa kumene idachokera njinga imene ankakwezedwa ali mwana. Usiku wake adakhazika adzukuluwo pansi nawauza za agogo awo aakulu, amene dzina lawo lomwe anali asadalimvepo. Chimene chidamudabwitsa kwambiri nchakuti malo amene amuna a kwathu ankalowa ndi mantha kuti apeze ya msonkho, lero anthu amalipira ndalama kuti alowemo.

Nkhani ya mayiyu idatipatsa manyazi pa chinthu china. Ngati anthu a ku Joni adasunga dzenje la mgodi kuti ana awo azikaona, nanga ife tili ndi chiyani? Tidazindikira kuti tili nacho pakhomo penipeni. M'mapiri a Chongoni, amene timawaona tsiku ndi tsiku tikamapita kumunda, muli mapanga ndi miyala yojambulidwa ndi anthu akale, malo okwana 127. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira akuti ndi za Akafula, anthu amene adakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, ndipo zambiri mwa izo zidajambulidwa ndi amayi pophunzitsa atsikana pa chinamwali. Mpingo udaika chilangizo m'malo mwa chinamwali chakale, ndipo sitikunena zobwerera m'mbuyo. Tikungonena kuti manja amene adapaka dothi loyera pa miyala imeneyo anali a amayi onga ife, olera ana m'mapiri omwewa. Alendo amachoka ku Ulaya kudzaona ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Ife takhala tikupita ku maphunziro a amayi ku Chongoni, pa malo a Namoni Katengeza, kugona komweko masiku angapo, osakwerako ngakhale kamodzi. Titafunsa pa msonkhano kuti ndani adazionapo zojambulazo, adakweza manja amayi atatu, ndipo awiri mwa iwo adazipeza mwangozi akutola nkhuni.

Mwezi wa Ogasiti wapitawu tidayesako. Tidatenga ana a Sande sukulu, tidapempha munthu wodziwa malowo kuti atitsogolere, ndipo tidakwera ku Chentcherere. Ulendo wake sudafune ngongole. Ana adakangana ngati chojambula china ndi buluzi kapena ng'ona, adathamangitsana pa miyala, ndipo atsikana adatola nkhuni nayamba okha kuphika masanje patsinde pa phiri, ife osawauza. Tidakhumudwa kuona kuti anthu ena adalemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo, ndipo tidawaletsa ana athu ngakhale kuzikhudza ndi chala.

Pa ulendo umenewu komiti idapangana chinthu chimene sichidachitikepo kwa Kaphuka: kuti kamba aphike ndi kusenza abambo ndi anyamata. Kunena zoona, mpunga udapserera pansi ndipo mchere adauiwala kunyumba, mpaka mnyamata wina adachita kuthamangira kumudzi wapafupi kukapempha. Amayi tidakhala pa thanthwe, miyendo titatambasula, tikuyang'ana midzi yathu m'munsi ndi msewu wa ku Lilongwe. Ena manja ankawayabwa kufuna kukalanda mthiko, ndipo amayi a pampando adachita kuwabweza kawiri. Chaka chamawa tapangana zopita ku Mua, kukaona nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Kungoni imene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndipo ofuna kupita nawo ayambe kupereka maina ndi zopereka zawo kwa msungichuma mwezi uno usanathe. Abambo avomera kuphikanso, koma apempha kuti mchere asungire amayi.